ASINTHE KAPENA ASASINTHE WOYIMA NAYE, MAFUNSO ATHU ALI POMWEPO

*Ganizo la gulu lathu sabata ino*
Chiradzulu Boma, Julaye 2025



Sabata yonse ino mafoni sakupuma. Ukangoyatsa data, uthenga ndi umodzimodzi: akuti a Chakwera awasiya a Michael Usi, akuti atenga munthu wa kumpoto, ayi akuti atenga mayi, ayi akuti m'chipani mwavuta. Dzulo lokha ndalandira ma voice note asanu, ndipo aliyense akuti wamva kwa "munthu wamkati". Pa siteji ya kabaza pano pa Boma anyamata awiri anatsala pang'ono kumenyana chifukwa cha nkhani yomweyi, chonsecho onse awiri anali asananyamule kasitomala ndi mmodzi yemwe chiyambire m'mawa. Ambiri mwatifunsa kuti gulu lathu likuti bwanji. Yankho ndi ili. Ndi lalitali, pepani ndi bandulo yanu, koma werengani mpaka pansi musanatumize kwina.

*Zomwe zili zoona*

Chisankho chinakonzedwa kuti chichitike pa 16 Sepitembala 2025. Kumapeto kwa Julaye 2025 onse ofuna upulezidenti akapereka zikalata zawo ku bungwe la MEC ku Lilongwe. Gawo 80 la malamulo aakulu a dziko lino limati wopikisana aliyense atchule yemwe adzakhale wachiwiri wake pa nthawi yomwe akupereka zikalatazo, ndipo maina a awiriwo amakhala limodzi papepala lovotera. Ndiye mphekesera zonsezi zatsala ndi masiku owerengeka, zidzatha zokha.

Tikumbutsanenso kuti amene anayima ndi a Lazarus Chakwera pa chisankho cha pa 23 Juni 2020 anali a Saulos Chilima. Iwo anamwalira pa 10 Juni 2024 pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu, ndege ya asilikali itagwa m'nkhalango ya Chikangawa. A Usi analowa pampandowo pa 21 Juni 2024 mochita kusankhidwa ndi pulezidenti, monga gawo 84 limalolera wachiwiri akamwalira kapena kutula pansi udindo. Mwezi wotsatira chipani cha UTM chinatuluka m'mgwirizano wa Tonse, a Usi n'kutsala m'boma. Lero ali ndi gulu lawo la Odya Zake Alibe Mlandu. Maina ena amene akutchulidwa m'magulumu ndi a Catherine Gotani Hara, amene mu Julaye 2025 anali Sipikala wa Nyumba ya Malamulo, ndi a Vitumbiko Mumba, amene anali nduna ya zamalonda. Zoposa pamenepa ndi zongomva. Kalata iliyonse yokhala ndi chidindo imene ikuyenda pa WhatsApp, musaitumize mwini wake asanayankhule pakamwa pake.

*Si zachilendo, ndi chizolowezi*

Ena akuyankhula ngati kusiya wachiwiri ndi chinthu chodabwitsa. Tiyeni tiwerenge limodzi. Chiyambire ndale za zipani zambiri mu 1994, pulezidenti wolamula amene anabwerera ku chisankho ndi wachiwiri wake yemweyo ndi mmodzi yekha: a Bakili Muluzi ndi a Justin Malewezi mu 1999. Nawonso ubale wawo sunafike kumapeto, poti pofika 2004 a Malewezi anali atatuluka mu UDF n'kuyima paokha.

A Bingu wa Mutharika anapambana mu 2004 ndi a Cassim Chilumpha. Mu 2006 boma linalengeza kuti a Chilumpha adzichotsa okha paudindo, nkhani inapita kukhothi, kenako chaka chomwecho anamangidwa pa mlandu woukira boma. Mu 2009 a Bingu anatenga a Joyce Banda. Mu Disembala 2010 mayiwa anachotsedwa mu DPP, n'kuyambitsa People's Party akadali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Iwonso atakhala pampando anasankha a Khumbo Kachali, koma pa chisankho cha 2014 anawasiya n'kutenga a Sosten Gwengwe, ndipo a Kachali anatembenuka n'kuchemerera a Peter Mutharika. A Peter Mutharika anapambana ndi a Chilima mu 2014. Mu 2018 a Chilima anatuluka n'kuyambitsa UTM. Mu 2019 a Mutharika anatenga a Everton Chimulirenji, ndipo khothi litathetsa zotsatira za chisankhocho pa 3 Febuluwale 2020, pa chisankho chobwereza anawasiyanso n'kutenga a Atupele Muluzi.

Mwaona? Kanayi konse pulezidenti wolamula wasintha woyima naye. Mu 2009 anapambana. Mu 2014 anathera pa nambala yachitatu. Za 2019 khothi linazikana. Mu 2020 anagonja. Ndiye amene akukuuzani kuti dzina latsopano ndi mankhwala opambanitsa chisankho akungokusangalatsani. Anthu amavotera zimene aona m'mbale mwawo zaka zisanu zapitazo.

*Koma mpando umenewu si wamasewera*

Pali anzathu ena pagulu lino amene akuti: "Aaa, zisiyeni, wachiwiri ndi tayala la sipeya basi." Apa ndiye sitikugwirizana nawo. Tayala la sipeya umalinyoza galimoto ili pa tala masana. Likaphulika lakutsogolo usiku pakati pa Mbulumbuzi ndi Njuli m'pamene umadziwa ngati unanyamula tayala kapena chimphira chakutha.

Ambiri mwa ife tinali ku pulayimale mu 2012, koma tikukumbuka nkhope za makolo athu ali pa wailesi. Pa 5 Epulo chaka chimenecho a Bingu anagwa kunyumba ya boma ku Lilongwe. Kwa masiku awiri dziko silinauzidwe zoona. Usiku wa pa 6 Epulo nduna zisanu ndi imodzi zinawerenga chikalata chonena kuti a Joyce Banda sangatenge mpando chifukwa anali atayambitsa chipani chawo. Koma gawo 83 limanena mosabisa kuti pulezidenti akamwalira, wachiwiri ndiye amamaliza zaka zotsalazo. Pa 7 Epulo mayi amene anali atatayidwa kunja kwa chipani uja analumbiritsidwa kukhala mtsogoleri wa dziko. Anthu amene anavota mu 2009 akuganiza kuti akusankha munthu mmodzi, anali atasankha apulezidenti awiri osadziwa.

Kwa aneba athu zachitikanso. Ku Zambia a Michael Sata atamwalira mu Okutobala 2014, a Guy Scott ndi amene anagwirizira mpando. Ku Tanzania a John Magufuli atamwalira mu Malichi 2021, a Samia Suluhu Hassan analowa. Mu 2025 a Chakwera anakwanitsa zaka 70, a Peter Mutharika anakwanitsa 85 mu Julaye. Sitikufunira munthu zoipa, Mulungu awasunge onse. Koma ifeyo ndi amene tinalira maliro a munthu wa zaka 51 mu 2024. Imfa siyang'ana satifiketi yobadwira. Choncho funso loti woyima naye ndi ndani si la MCP yokha. Ndi la DPP, la UTM, la UDF, la PP ndi aliyense amene adzakhale papepala lija.

*Vuto ndi mmene amasankhidwira*

Taonani mmene nkhaniyi ikukambidwira, m'magulu athu ngakhale pa mawailesi. Palibe amene akufunsa kuti munthuyu anagwirapo ntchito yanji, anaimaliza bwanji, chuma chake anachipeza kuti, akuti chiyani pa za kusowa kwa ndalama zakunja. Funso ndi limodzi: ndi wa kuti? Wa kumpoto abweretsa mavoti angati, wa kum'mwera aphwanya angati, ndi wa mpingo uti, ndi wa mtundu uti. Chikhazikitsireni lamulo loti wopambana apeze mavoti oposa theka, masamu amenewa anakula mphamvu. Ife anthu 7 miliyoni ndi kanthu amene tinalembetsa m'kaundula wa mavoti tasanduka milu ya tomato pamsika: uwu mulu wa Alomwe, uwu wa Ayao, uwu wa Atumbuka, uwu wa Achewa.

Kuno ku Chiradzulu timazidziwa bwino zimenezi. Andale onse, a mbali zonse, anatiwerengera kale kuti boma lino limavota motani. Ena sabwera chifukwa akuti ndife awo kale. Ena sabwera chifukwa akuti n'kutaya mafuta. Mapeto ake onse awiri sabwera, kupatula nthawi ya misonkhano pomwe amatitumizira malole ndi nsalu. Anthu oposa 350,000 amene kalembera wa 2018 anapeza m'boma lino, kungowayesa mulu umodzi? Ngati woyima naye adzasankhidwe kuti akokere mulu wathu, dziwani kuti ntchito yake idzatha usiku wowerenga mavoti. M'mawa mwake adzayamba kumulanda galimoto imodziimodzi.

Sitikunena zongopeka. Gawo 79 limati wachiwiri amathandiza pulezidenti, ndipo ntchito zambiri zimene amagwira ndi zomwe pulezidentiyo wamugawira. Wogawa amathanso kulanda. Kumuchotsa paudindo n'kovuta, pamafunika Nyumba ya Malamulo monga gawo 86 likunenera, ndiye chimene amachita n'kungomusiya pamalo opanda ntchito, malipiro ndi alonda zikupitirira pa msonkho wathu. A Chilumpha zinawachitikira. A Joyce Banda zinawachitikira. A Chilima zinawachitikira kawiri: pansi pa a Mutharika, komanso mu Juni 2022 pomwe a Chakwera analengeza kuti asiya kuwagawira ntchito dzina lawo litatchulidwa m'lipoti la ACB pa nkhani ya Zuneth Sattar. Anamangidwa mu Novembala 2022, mlandu n'kudzathetsedwa mu Meyi 2024 usanazengedwe mpaka kumapeto. Mpaka lero Amalawi sanamve kuchokera kukhothi kuti zoona zinali ziti.

Kumbukiraninso ziwiri izi. Mu 2021 a Chilima anapereka kwa pulezidenti lipoti la momwe ma alawansi, kagulidwe ka katundu ndi makontilakiti a m'boma angakonzedwere. Lipotilo boma silinalitulutse kuti tonse tiliwerenge. Ndipo pa 1 Julaye 2022 a Chilima anauza dziko kuti panali pangano loti iwo ndi a Chakwera adzasinthana utsogoleri mu 2025, zomwe a MCP sanavomereze. Ife tinavotera mgwirizano umene sitinauwerengepo. Anthu awiri anasainirana kuchipinda, dziko lonse n'kumakangana panja kwa zaka. Chaka chino tisalole zimenezo.

*Nyambo ya "wachinyamata"*

Tikudziwa chimene chikubwera. Aliyense adzatiuza kuti watitengera wachinyamata mnzathu. Mu 2014 a Gwengwe anatchedwa wachinyamata, a Chilima anali ndi zaka 41 akuchokera ku Airtel, a Atupele Muluzi nawo kampeni yawo yonse inali ya achinyamata. Zaka khumi ndi chimodzi zadutsa. Amene anali ndi zaka 24 nthawi imeneyo lero ali ndi 35, ndipo ambiri ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town akugwira maganyu, madigiri ali m'sutikesi kumudzi.

Ndilankhuleko za ine, osati kuti mundimvere chisoni, poti nkhani yanga ndi ya theka la gulu lino. Ndili ndi zaka 24. Ndinamaliza digiri yanga, mayi anagulitsa nandolo ndi mbuzi ziwiri kuti akaone mwambo wa gauni. Chibwerereni kumudzi ndalemba makalata ofunsira ntchito oti ndinasiya kuwerenga. Kalata iliyonse ndi fotokope, envelopu ndi thiransipoti ya ku Limbe, zonse za m'thumba la mayi. Malo amodzi okha anandiyitana ku intavyu. Tinalipo gulu lodzadza holo pa mipando iwiri, ndipo tisanalowe n'komwe mlonda wa pageti anatinong'oneza kuti tisadzivute, eni ake alipo kale. Pano ndimathandiza mayi kugulitsa pamsika, ndipo ndikaona ana asukulu akudutsa ndimasowa chowauza.

Mu 2020 ndinavota koyamba pa chisankho chobwereza chija. Ndinali pamzere m'bandakucha, kukuzizira, ndikukhulupirira lonjezo la ntchito 1 miliyoni. Kuchokera pamenepo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mizere ya mafuta tonse tayimapo kapena kuiona. K2,000, ndalama imene ili ndi nkhope ya John Chilembwe, mwana wa boma lino amene anayambitsa PIM ku Mbombwe, lero siikwana paketi imodzi ya shuga. Abale athu a kwa Ntauchira, amene mudzi wawo unakokoloka ndi matope a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, afunseni ngati dzina la woyima naye ndi limene likuwasowetsa tulo.

Ndiye tinene mosapsatira. Minibasi ikakhala kuti yakhala ikutigwetsera m'maenje zaka zisanu, kusintha kondakitala sikufufuta mlandu wa dalaivala. A Chakwera akasintha woyima naye, adzayankhebe okha za zaka zisanu zawo. Akapanda kusintha, adzayankhebe. A Mutharika nawo, kaya atenga ndani, adzayankhe za 2014 mpaka 2020 ndi chisankho cha Tipp-Ex chija. Koma poti kondakitala ameneyu tsiku lina akhoza kugwira chiwongolero tili m'kati, tili ndi ufulu woona laisensi yake tisanakwere.

*Zomwe tikufuna*

1. Aliyense wofuna upulezidenti atiuze chifukwa chimene wasankhira woyima naye, chifukwa chokhudza ntchito, osati dera kapena mtundu. Atiuzenso ntchito zimene adzamupatse, zilembedwe m'manifesito kuti tidzakhale ndi pogwira.

2. Pangano lililonse la mgwirizano wa zipani litulutsidwe poyera tisanavote. Ngati muli zosinthana mpando kapena kugawana maunduna, tiwerenge tokha. Za kuchipinda zinatikwana.

3. Oyima nawo onse akakumane pa mtsutso wapoyera monga zinachitikirapo pa zisankho zam'mbuyomu, m'Chichewa ndi m'zinenero zina za dziko lino, pa wailesi imene agogo a ku Namitambo angamve. Wothawa mtsutso watiuza kale yankho lake.

4. Woyima naye aliyense aonetse poyera chuma chake ndi mabizinesi ake tsopano, asadikire kulumbira.

5. Ofuna uphungu m'madera onse a Chiradzulu atiuze ngati akalowa m'Nyumba ya Malamulo adzathandize kukonza lamulo, kuti wachiwiri kwa pulezidenti akhale ndi ntchito zake zolembedwa zimene munthu mmodzi sangazilande chifukwa chokwiya. Ngati ofesiyo ndi yofunika, igwire ntchito. Tatopa kulipira msonkho wosungira munthu amene bwana wake sakumulankhula.

6. Lipoti la 2021 lija litulutsidwe. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Silinalembedwe kuti likongoletse shelefu.

*Mbali yathu*

Wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye tidzitsinenso tokha. Enafe ndi amene timakwera malole aja. Enafe ndi amene timapaka penti kumaso chifukwa cha kandalama kosakwana n'komwe chakudya cha masiku awiri. Sindikunyoza munthu, njala ndimaidziwa. Koma dziwani kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pofuna mavoti, ndipo amene akukupatsani lero adzabweza ndalama yakeyo kuchokera ku mankhwala a m'chipatala mawa.

Tinaonanso zimene zinachitika ku Lilongwe pa 26 Juni 2025, pomwe a Sylvester Namiwa anamenyedwa ndi anthu onyamula zikwanje pa zionetsero, achitetezo ali pomwepo. Amene amanyamula zikwanje nthawi zonse ndi achinyamata ngati ife. Ana a owatumawo sakhala pamsewu. Tsiku limene dzina la woyima naye lidzalengezedwe, padzakhala okondwa ndi okhumudwa, ndipo padzapezeka ofuna kugwiritsa ntchito mkwiyo umenewo. Aliyense wa gulu lino asagende, asawotche, asanyoze mtundu wa mnzake pa Facebook. Mnzako wa kabaza amene ukukangana naye lero ndi yemwe adzakunyamule usiku mwana akadwala.

Anzathu a ku Kenya mu Juni 2024 anakakamiza boma kubweza bilu ya misonkho chifukwa anaiwerenga, n'kuimasulirana m'zinenero zawo, ndime ndi ndime. Miyezi inayi pambuyo pake wachiwiri kwa pulezidenti wawo, a Rigathi Gachagua, anachotsedwa paudindo, koma mavuto a achinyamata sanachoke naye. Phunziro lake ndi lomwelo: tiyang'ane zolembedwa ndi zochita, tisatengeke ndi kusinthana mipando kwa akuluakulu.

Choncho sabata ino tichite izi. Sungani bwino chiphaso chanu chovotera, musapereke kwa munthu aliyense ngakhale atati akungolemba nambala kuti mulandire ngongole kapena chimanga. Wina akatumiza mphekesera pagulu, mufunseni kuti wanena ndani, kuti, liti. Msonkhano wa chipani chilichonse ukabwera kwanu, kaya ku Thumbwe, ku Nguludi kapena pano pa Boma, pitani ndi mafunso asanu ndi limodzi ali pamwambawa, muwafunse mwaulemu, mujambule yankho, mutitumizire. Tidzaika mayankho onse pamodzi popanda kukondera, kuti pofika pa 16 Sepitembala aliyense adzaone yekha amene anayankha ndi amene anathawa.

Loweruka likubwerali tikumana malo athu a nthawi zonse, 2 koloko masana. Bwerani ndi cholembera, ndipo amene ali ndi buku la malamulo a dziko m'foni abwere nalo, tidzawerenge limodzi gawo 79 mpaka 86. Achemwali, musatsale. Ulendo watha munali ochepa, ndipo nkhani za dziko lino zimakupwetekani kuposa ife.

Tumizani uthengawu kwa anzanu, makamaka amene sagwirizana nafe. Amene alibe foni, awerengereni.

Tionana Loweruka.